A Vitus Kamodzinso ndi Pulagi Yawo

Mukafika pa boma la Mchinji n'kufunsa za a Vitus Kamodzinso, achikulire amayamba apukusa kaye mutu, kuseka kumabwera pambuyo. Bambo amene uja sankadziwa polekezera akayamba kumanga chinthu. Kaya ndi bawuti, kaya chitsekerero cha botolo, kaya chingwe cha mbuzi, akangochigwira ankachikhwimitsa mpaka chilire. Chikalira ankapumira pang'ono, n'kuchiyang'ana cham'mbali ngati chawatukwana, kenaka n'kulavulira m'manja: "Kamodzinso!" Dzinalo linachokera pamenepo, moti la bambo awo anthu analiiwala kalekale.

Moni wawo unali chilango. Ukawaona akubwera atatambasula dzanja, unkafulumira kunyamula kanthu ndi manja onse awiri, ngakhale mwala. Mpopi wa pamsika anautseka tsiku lina atamwa madzi, ndiye amayi anaima ndi zidebe mpaka dzuwa kupendeka. Anayesa wogulitsa nyama, anayesa onyamula matumba, osatheka, mapeto ake anachita kuudula ndi sowo n'kuikapo wina. Kunyumba nako, akachokapo atatseka botolo la mchere, banja lonse linkadya ndiwo zopanda mchere mpaka abwereko.

Ena ankati khalidweli analitengera ku njanji, poti pamene inkayalidwa kubwera kuno iwo anagwirako ntchito yomanga mabawuti ndi sipanala yaitali ngati munthu. Koma akazi awo, a Felista, amene iwo ankawaitana kuti amake Tabeth, ankakana.

"Njanjiyo mukungoinamizira. Mtolo wa nkhuni umene anandimangira akundifunsira tinachita kuusonkhezera pamoto wonse womangamanga."

Mukawadzudzula eni ake, yankho linali limodzi: "Chinthu chogwedera ndi maliro ongodikira tsiku."

Tonse tinavutikapo nawo, koma amene anaziona zenizeni anali che Mwamadi, makaniko wa m'shedi ya malata kuseri kwa masitolo, cha kufupi ndi mzikiti. Anali munthu wamfupi, wa kandevu kosongoka, mtima wapachala, koma manja ofatsa modabwitsa. Pakamwa pankatuluka moto, zala zikusisita chitsulo mwaulemu. Mulungu yekha ndiye akudziwa chimene anawalakwira kuti awatumizire a Vitus.

Chaka china, fodya atayenda bwino, a Vitus anawoloka malire kupita ku Chipata n'kubwerako ndi njinga yamoto. Yatsopano ayi. Inali itadutsa m'manja mwa anthu ambiri ngati chipanda cha pamowa, thanki yopindikapindika, utsi kumbuyo kuchita ngati akutentha tchire. Anthu anaseka, koma a Vitus sanaigulire matama. A Felista anabwera kuno chitengwa. Kwawo kunali kwa Dambe, ndipo kumeneko kunatsala akulu awo, a Esitele, amene anawalera mayi awo atamwalira. Tsono miyendo ya a Felista inali itagwidwa nyamakazi. Wapansi sakanatha, pakaliyala wa njinga yakapalasa mtunda wonsewo sakanapirira, basi nayo inkatsitsa anthu kutali ndi mudzi. Ndiye kunabwera uthenga woti maso a a Esitele ayamba ng'ala: "Mukamuuze Felista abwere ndidzamuone maso asanatseke." Njinga ija inagulidwira mawu amenewo.

Ulendo usanachitike anapita nayo kwa che Mwamadi kuti akaione. Iwo anaizungulira, anamvetsera injini, anamasula pulagi n'kuipala mwaye, kenaka anasuzumira m'bowo mmene imalowa.

"A Vitus, tcherani khutu. Mukuiona mizere yozungulira m'katimu? Amenewa ndi mazinga, ndi amene amagwira pulagi. Mutu wa injiniwu si njanji. Ndi chitsulo chofewa, chonga cha sefuliya. Pulagi muzilowetsa ndi zala mpaka ikhale pansi, kenaka sipanala pang'ono pokha, basi mwamaliza."

"Pang'ono bwanji?"

"Monga mmene mungatsinire khutu la mdzukulu wanu mocheza."

"Mdzukulu wanga ndikamutsina amalira mpaka kukomoka."

"Ndiye musatsine! Ingoisiyani mmene ndaimangiramu. Mwamva?"

"Ndamva, che Mwamadi. Ine si mwana."

Si mwanadi. Mwana akanafika nayo kunyumba. Iwo anangokhota pa sitolo ya nsalu n'kuima pansi pa mtengo wa mango, mtima ukuwaluma. Pulagi yomangidwa mwaulesi choncho inyamule amake Tabeth mpaka kwa Dambe? Anatulutsa sipanala. Anakoka. Kamodzinso. Anakokanso, ndipo mwadzidzidzi sipanala inapepuka n'kumangozungulira mofewa.

"Eya," anatero a Vitus, "tsopano yakhazikika."

Loweruka a Felista anavala chitenje chatsopano, anamanga duku, anakhala cham'mbali kumbuyo kwa amuna awo, dengu la shuga ndi sopo lili pamiyendo. Mwatsoka, tsiku limenelo kunkabwera wamkulu wina wa chipani. Amayi a nsalu zofanana ankayeserera nyimbo pafupi ndi msika, anyamata a malaya ofiira ali pachipata kuona makhadi a chipani. Njinga itangofika pakati pa gululo, phaa!

Abale inu, masiku amenewo, kufupi ndi malire choncho, chinthu kulira ngati mfuti sizinali zoseketsa. Ng'oma zinasiya zokha. Amayi anagwa chafufumimba, wogulitsa nyama analowa pansi pa tebulo ndi chikwanje chake chomwe, nkhuku zili balalabalala. Pulagi inali itauluka pamwamba pa mitu ya anthu n'kukagwera m'ndowa ya thobwa.

"Mfuti ili kuti, bambo?" anafunsa wamkulu wa anyamata aja.

"Mfuti yanji, ana anga? Ndi pulagi."

"Pulagiyo ili kuti?"

Mayi wa thobwa anaivuula ndi chikho, akutukwana njinga, mwini njinga ndi dziko limene inachokera.

"Chabwino. Khadi."

Khadi a Vitus anali nalo. Analisunga m'kachitini ka chitsekerero chopotokola kuti lisanyowe. Anakapereka. Mnyamata woyamba anapotokola mpaka misempha ya m'khosi kuima. Wachiwiri anakakulunga m'malaya n'kukapanira m'maondo. Wina anayesa ndi mano. Mapeto ake gulu lonse, anyamata, a Vitus ndi njinga yawo, a Felista akutsimphina pambuyo ndi dengu, linakathera kwa che Mwamadi kuti akapane kachitiniko pa vaisi, chopanira zitsulo. Khadi litatuluka, wamkulu uja, thukuta lili kamukamu, analoza njinga.

"Ikadzaphulikanso pa boma pano, tidzatenga iyo ndi inu nomwe."

Anyamata atachoka, che Mwamadi ananyamula pulagi ija ikununkha thobwa. Mazinga apamwamba a m'mutu wa injini anali atasendeka n'kukulungika pa pulagiyo ngati kawaya. Otsala pansi nawo anali atagona.

"Munaigwira."

"Ndinangoiyesa."

"Munaigwira, a Vitus!"

"Inkagwedera."

"Ukugwedera ndi mutu wanuwo! Walahi, ndinayankhula Chichewa kapena Chiarabu?"

Anakalipa mpaka mawu kusasa, koma ataona a Felista atakhala pa tayala lakutha, dengu lili pamiyendo, anatenga pulagi yakale n'kuidula timipata ndi sowo kuti ikhale ndi mano. Anaipaka girizi woti azigwira tizitsulo tosendeka tisagwere m'injini. Kenaka anayamba kuilowetsa m'bowo muja, pang'ono kutsogolo, pang'ono kubwerera, kutulutsa, kupukuta, kupakanso girizi. Ndi ntchito ija amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma udekha bwanji munthu akukupumira m'khosi?

"Bwanji osangokankha ndi mphamvu?"

"Pitani mukakhale uko!"

"Ndikungothandiza maganizo."

"Maganizo anu ndi amene atifikitsa pano. Uko, ndati!"

Mazinga anadzuka, pulagi inagwira. Che Mwamadi analanda sipanala ya a Vitus, anaipana pa vaisi, n'kudula chogwirira chake mpaka chinatsala chachifupi ngati chala chachikulu.

"Tione tsopano mumanga bwanji."

Sabata yonse anayenda chifuwa chili patsogolo, kuuza aliyense kuti a Kamodzinso awagulula mano. Osadziwa kuti kuseri kwa nkhokwe a Vitus anali ndi paipi yotsala ya njinga yakapalasa yakufa. Anailowetsa ku kasipanala kaja, chogwirira chinatalika kuposa poyamba. Zotsatira zake mukuzidziwa kale.

Ulendo uno anachita manyazi kubwerera nayo, ndipo paja manyazi anapha lambe. Anakulunga pulagi ndi pepala lonyezimira la m'paketi ya ndudu, anazengereza kawaya pamwamba pake, n'kuikhomera m'bowo. Kenaka anaimanga ndi mphira ya chubu kuzungulira injini yonse, mfundo zake zoti ngakhale mpeni uganize kawiri. Ananyamuka m'mamawa kudzera kanjira ka kuseri, kuzemba msika ndi che Mwamadi omwe. Anangofika pa dambo loyamba la msewu wa kwa Mkanda, phaa! Pulagi inauluka, mphira inaibweza, inadzamenya mwini wake pabondo.

Dzuwa lili paliwombo che Mwamadi anaona ngolo ya ng'ombe itaima pa shedi yawo. Pamwamba pa matumba a mtedza panali a Felista ndi dengu lomwe lija. Kumbuyo a Vitus ankakankha njinga akutsimphina. Che Mwamadi anaona mphira, anaona paipi itasuzumira m'thumba la jekete, anavula kofiya n'kuiponya pansi.

"Ayi! Chotsani! Bwererani nayo ku Chipata, pitani nayo kwa asing'anga, ine zanga zatha. Ndikonze m'mawa inu muwononge madzulo? Ndine kapolo wa sipanala yanu ine? Samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu!"

Anayankha ndi a Felista, ali pangolo pomwepo, ndipo sanakweze mawu.

"Che Mwamadi, shuga uyu ndi yemwe uja, wayamba kuuma gwa m'pepala. Dzana kunabwera munthu wochokera kwathu. Akuti akulu anga tsopano munthu amamuzindikira akayandikira ngati pamene pali dengupa. Mvula ikangogwa, msewu uja suyendeka mpaka masika. Bambo awa ndi osamva, ndikudziwa, ndakalamba nawo. Koma osamvawa ndi amene anagona ndi nsabwe ku Chipata kufuna njinga yoti ine ndikaonedwe. Ndikuopa, che Mwamadi. Ndikuopa kukafika akulu anga akungondipapasa."

Che Mwamadi anatola kofiya n'kuikuntha fumbi. Mkwiyo sunathe, unangosowa pokhala.

"Ilowetseni," anatero. "Inu mukhale panja."

Bowo tsopano linali see, mopanda ndi zinga limodzi lomwe. Panafunika mutu wina wa injini. Che Mwamadi anatuma madalaivala a malole opita ku Lilongwe, anabwerako chimanjamanja. Anawoloka okha kupita ku Chipata, anagubuduza milu ya zitsulo mpaka manja kuchita dzimbiri, koma mtundu wa njinga umenewo unali utaiwalika kale. Aliyense ankangoti, "Bambo, imeneyo ikadalipo?" Pobwerera anaona mitambo itayamba kuunjikana pamwamba pa phiri, nyerere zikusamutsa mazira. Atafika m'shedi anamenya theche mulu wa zitsulo zakutha, chala n'kupweteka, ndipo pamuluwo panagubuduka mpopi wakale wa pamsika, womwe uja a Vitus anaupha.

Anaunyamula, anaupala ndi tupa. Mkuwa weniweni, wochindikala. Anaseka kuseka kowawa.

"Chimene anawononga yekha ndicho chimupulumutse? Dziko ili lilibe chilungamo."

Anamasula mutu wa injini, anaumanga pakaliyala pamodzi ndi mpopiwo, n'kupalasa kupita kwa mnzawo wa pa esiteti ina ya fodya amene anali ndi makina osulira zitsulo. Kumeneko anakulitsa bowo n'kudulamo mazinga atsopano akuluakulu. Mkuwa uja anausula kukhala kamphete ka mazinga kunja ndi m'kati, kunja kogwira injini, m'kati kogwira pulagi. Anakalowetsa, anakakhomerera m'mphepete kuti kasadzatuluke, ndipo pulagi inalowa ndi zala bwinobwino mpaka pansi.

Atamanga zonse anaitana banja lonse.

"Bwerani muone nonse awiri, pasadzakhale wonama. Chitsulo chatsala m'mbalimu n'chopyapyala ngati chikhadabo. Bowo ili silingakulenso, ndipo mutu wina kulibe, ndafufuza mpaka nsapato kutha. Mukathyola apa, njinga iyi mukaike m'khola nkhuku ziziikirapo mazira. Bweretsani kasipanala kaja. Paipinso."

Paipi anaiponya padenga. Anatenga sipanala ina ya pulagi n'kuipereka kwa a Felista, iwo n'kuimanga pa mfundo ya chitenje.

"Mayi, akaipempha mukane. Akanyengerera mukane. Akalira, alekeni alire."

"Che Mwamadi, mukundinyoza pamaso pa mkazi wanga," anadandaula a Vitus.

"Ndikadakhala ndi ng'oma ndikadakunyozani pamaso pa boma lonse."

Ananyamuka m'mawa mwake, anadutsa msika bwinobwino, anthu atatseka makutu ndi zala. Che Mwamadi anabwerera ku ntchito, koma ntchito sinagwirike. Anamata chigamba pa chubu pamalo opanda bowo. Mtima unkangoti pali chinachake. Kenaka anakumbukira: dzulo lake anawaona a Vitus akusakaniza oyilo m'petulo. Anathira muyeso wake, anayang'ana botolo cham'mbali, n'kupendeketsanso.

"Mayo ine! Kamodzinso wa oyilo!"

Oyilo akachuluka pulagi imada, injini imazima, ndipo pulagiyo iyenera kumasulidwa, kupalidwa ndi kumangidwanso. Kumangidwa ndi ndani, pakati pa tchire? Anatseka shedi, anamanga bobojani pakaliyala, sipanala ija yosintha kukamwa, n'kukwera njinga yawo yakapalasa. Mchenga, dzuwa, zitunda, iwo akupalasa n'kumatukwana a Vitus mtunda wonse, mpaka amayi a m'minda kuimika makasu kuti aone wamisala akudutsayo.

Anawapeza dzuwa litapendeka. Ali pamwamba pa chitunda anaona njinga itaima kumunsi pansi pa mtengo wa muwanga. A Vitus anali atagwada, pulagi yapalidwa kale, yalowa kale ndi zala. A Felista anali atayesa kumanga okha, koma zala za nyamakazi zinakana, ndipo tsopano ankapereka sipanala kwa amuna awo.

"Musa... musawapa..." Mpweya unawathera, mawu osafika.

Anatsetsereka chitundacho osagwira mabuleki. Pofika, a Vitus anali atakoka kamodzi, ndipo pulagi inali itakhala bwino lomwe, ndendende mmene inayenera. Koma phewa linali litayamba kukwera. Anaiyang'ana cham'mbali. Analavulira m'manja.

"Kamo..."

A Felista anaika dzanja lawo lotupa pamwamba pa dzanja la amuna awo. Sanakoke, sanakalipe.

"Abambo a Tabeth, akulu anga andione."

Che Mwamadi anaima chilili, njinga ili pakati pa miyendo, osapuma. Anaona thukuta likudontha pachibwano cha a Vitus. Bambo uja anayang'ana pulagi, anayang'ana mkazi wake, anayang'ananso pulagi, nkhope ili ngati ya munthu amene akumuzula dzino. Kenaka zala zinayamba kutseguka, chimodzichimodzi, mpaka sipanala inagwera mumchenga. A Felista anaitola msangamsanga n'kuibwezera pa mfundo.

A Vitus anaponda kiki, injini inalira. Che Mwamadi anakhala pansi mumsewu momwemo n'kuthokoza Mulungu mokweza.

Koma kamodzinso uja anali akadali m'mikono, akufuna potulukira. A Vitus anabwera kudzathokoza, maso n'kugwera pa njinga yakapalasa ija.

"Che Mwamadi, chishalo chanu chikugwedera."

"Sichikugwedera! Musa..."

Bobojani inali kale m'manja mwa a Vitus. Thyo! Bawuti inaduka, chishalo chili pansi. A Vitus anapuma mpweya wautali ngati munthu amene watula katundu, anakweza akazi awo, n'kusowa mu utsi. Che Mwamadi anabwerera ku boma akupalasa choimirira, chishalo chili m'khwapa, ndipo zimene ankayankhula m'njiramo sizilembeka.

Za kwa Dambe che Mwamadi anazimva kwa a Felista atabwerako. Akuti a Esitele anawakokera pakhomo powala, anawagwira masaya ndi manja onse awiri, anayandikitsa nkhope mpaka mphuno kugundana, n'kuyang'ana nthawi yaitali.

"Iwe, imvi zonsezi unazitenga kuti? Ine ndinakupereka mutu uli bii."

Anaseka, analira, anamwa tiyi wa shuga wouma uja atachita kumuphwanya ndi mwala. Mvula inagwa sabata yomwe anabwerera. Pofika masika maso a a Esitele anali atatsekeratu, koma mng'ono wawo anali atamuona.

Musaganize kuti a Vitus anasintha. Chitseko cha tchalitchi anachikonza mpaka akhristu anapempherera panja. Koma pulagi sanaigwirenso popanda akazi awo, ndipo kamkuwa kaja kanakhala zaka. Sipanala inkayenda pa mfundo ya chitenje ku tchalitchi, ku maliro, ku chigayo. Pulagi ikada, a Vitus ankaimanga, a Felista ataimirira pambali, dzanja lili chire. Ndipo nthawi zonse njinga ikabwera ku shedi, che Mwamadi ankayamba ndi kukalipa asanaone n'komwe vuto, kuti asataye nthawi.

Ndiye tsiku lina m'chilimwe a Vitus anabwera okha, akuikankha. Anati ikupuma mpweya m'mbali, ilibe mphamvu. M'thumba la malaya munkasuzumira sipanala ija.

Che Mwamadi anailoza. "Imeneyo mwaitenga kuti?"

"Amake Tabeth andibwezera. Akuti ndakula tsopano."

"Mwaigwira pulagi?"

"Ndaimanga ndekha dzulo. Ndinaimangitsa ndithu, mpaka kamodzinso."

Basi, kamkuwa kanga kapita, anaganiza che Mwamadi. Anakonzeratu matukwano, anatambasula dzanja kuti achotse waya wa pa pulagi, ndipo pulagiyo inazungulira m'zala zawo. Popanda sipanala. Anaitulutsa, anasuzumira m'bowo: mazinga onse ali bwinobwino, akunyezimira. Inali yosamanga chabe.

Anatembenuka n'kuwayang'ana bwino a Vitus, koyamba pa miyezi yambiri. Kolala ya malaya inali itakula. Lamba anali ataboola bowo latsopano. Manja aja, amene boma lonse linkawathawa, anali atagwira chishalo cha njinga kuti mwini wake asagwe. Apo m'pamene anamvetsa chifukwa chimene a Felista anabwezera sipanala.

Anatenga sipanala yaitali, anaiika pa pulagi imene anali ataibwezera, n'kuyamba kubuula ngati akulimbana nayo.

"A Vitus! Mwayambanso? Mukufuna kundithyolera mkuwa wanga? Kumanga kotani kumeneku, mukuyesa njanji?"

Nkhope ya a Vitus inawala. "Inkagwedera, che Mwamadi."

"Ukugwedera ndi mutu wanuwo! Pitani mukakhale uko!"

Anakakhala pa tayala lakutha lija akumwetulira, ndipo che Mwamadi anawafulatira nthawi yaitali, akupukuta pulagi imene inali yoyera kale.

A Vitus sanaione mvula ya chaka chimenecho. Pamaliro panadza anthu a ku tchalitchi, a ku mzikiti, a kumsika, ngakhale mayi wa thobwa uja. Kalipentala akukhoma chivundikiro cha bokosi, wina kumbuyo ananong'ona kuti, "Kamodzinso," ndipo anthu anaseka misozi ili m'masaya.

Chichokereni iwo, pa boma pano zinthu zimangogwedera. Mpopi wa pamsika umadontha tsiku lonse, palibe amaulabadira. Chitseko cha tchalitchi chimalira ndi mphepo. Moni timapatsana wofewa, wa nsonga za zala, ndipo palibenso amanyamula mwala akaona mnzake akubwera. Che Mwamadi anayamba kugwira ntchito mwakachetechete, moti ena ankafunsa ngati akudwala. Analibenso womukalipira.

Patapita miyezi anapita kukawaona a Felista. Anawapeza pakhonde akusenda mtedza, ndipo pawindo panali botolo la mchere lodzaza, fumbi lili mbuu.

"Ndinalipeza pamwamba pa khoma posesa," anatero a Felista. "Analitseka kale, mphamvu zikadalipo. Tabeth wayesa, apongozi ayesa, lakana."

Che Mwamadi analinyamula, anayesa kupotokola. Silinasunthe ngakhale pang'ono.

"Ndipite nalo pa vaisi, mayi. Mawa ndikubwezerani lotsegula."

A Felista anatambasula dzanja lawo lotupa, analitenga n'kulipukuta fumbi ndi chitenje, kenaka analibwezera pawindo.

"Lisiyeni, che Mwamadi. Mchere ndikapempha kwa anzanga."